Mwana wa autismo musamutsekere panja kawiri

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo,

Pali malangizo awiri amene afala m'masukulu mwathu, ndipo ine ndikuwakana onse awiri. Oyamba ndi akuti mwana wa autismo malo ake si m'kalasi ya anzake, apite kusukulu yapadera kapena angokhala kunyumba. Achiwiri ndi akuti makolo asiye kumulankhula Chinyanja, azimulankhula Chipwitikizi chokha, ati chifukwa zilankhulo ziwiri zimusokoneza mutu. Malangizo oyambawo amamutsekera mwana kunja kwa sukulu. Achiwiriwo amamutsekera kunja kwa banja lake, ali m'nyumba momwemo. Ambiri amene amapereka malangizowa ndi anthu abwino, ena ndi anzanga a ntchito, ndipo amalankhula mwachifundo. Koma chifundo chimenechi chikuwononga ana, ndiye tiyeni tikambirane poyera.

Ndiyambe ndi chinthucho, poti ambiri timangomva dzina. Autismo ndi mmene ubongo wa munthu unakulira, ndipo amakhala nayo moyo wake wonse. Imaonekera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya kumvana ndi anthu. Mwana amachedwa kulankhula kapena salankhula n'komwe, mukamuitana dzina satembenuka ngakhale makutu ake ali bwinobwino, saloza chinthu ndi chala kuti nanunso muchione, kuyang'anana m'maso kumamulemera, ndipo masewera a gulu amamuvuta kuwatsatira. Mbali yachiwiri ndi ya kubwereza ndi kugwiritsitsa dongosolo limodzi. Amagwedeza manja kapena thupi, amandandalika zitsekerero za mabotolo pamzere, amalira kwambiri mukangosintha njira yopitira kusukulu. Ambiri mwa ana otere phokoso, kuwala, fungo ngakhale kukhudzidwa kumene zimawafika mwamphamvu kuposa mmene zimatifikira ife.

Ana a autismo safanana. Wina amalankhula bwino, amawerenga msanga kuposa anzake, koma nthabwala sazimva ndipo pa intervalo amaima yekha patsinde pa mtengo. Wina salankhula ndi liwu limodzi lomwe ndipo amafuna womuperekeza kuchimbudzi. Ena alinso ndi khunyu, ena maphunziro amawagwira mochedwa, ena ayi. Ndinene msanga kuti si ntchito ya mphunzitsi kulengeza kuti mwana uyu ali ndi autismo. Si mwana wachete aliyense amene ali nayo. Wina samva bwino, wina ndi njala, wina akuopa chilankhulo chachilendo. Ntchito yathu ndi kulemba zimene tikuona, kuwauza makolo mwaulemu, ndi kuwalimbikitsa kupita naye kuchipatala, akayambe amuyeza makutu. Koma kumuphunzitsa sikudikira pepala la dokotala.

Chinthuchi si chatsopano ndipo si cha azungu okha. Dokotala wa ku Baltimore, Leo Kanner, analemba za ana 11 otere mu 1943, koma ana otere analipo kale kulikonse, ndi kwathu kuno komwe, kungoti ankatchedwa mayina ena. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, OMS, linkayerekeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autismo. Tiwerengere tokha. Sukulu ya ana 600 ikhoza kukhala ndi ana otere asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ndiye munthu akandiuza kuti "kusukulu kwathu kuno zimenezo kulibe," ine ndimafunsa kuti nanga anawo ali kuti? Yankho tikulidziwa tonse. Ali kuseri kwa nyumba. Ena anabwera sabata ziwiri chaka chitangoyamba, anasekedwa, anamenyedwa, sanabwerenso, ndipo m'buku la mayina munangolembedwa kuti anasiya sukulu.

Kumudzi mlandu umagwera mayi, ati sanasunge mwambo ali ndi pakati. Kapena umagwera bambo, ati anakhwimira mwana wake kuti chigayo chiziyenda bwino. Banja limagulitsa mbuzi, mwina ng'ombe imene, kuzungulira kwa asing'anga, uku mwanayo zaka zikupita. Zimene ofufuza apeza ndi zakuti autismo imayamba ubongo ukamakula, kuyambira mwana asanabadwe, ndipo zotengera kumtundu zili ndi gawo lalikulu. Sipatsirana. Palibe mankhwala a m'botolo kapena a mizu amene amaichotsa. Chimene chimasintha moyo wa mwanayo ndi kuphunzitsidwa msanga, moleza mtima, ali pakati pa anthu. M'mera mpoyamba.

Tisamadzione ngati ndife tokha okhulupirira zopanda umboni. Azungu nawonso anali ndi ufiti wawo wa m'mabuku. Kwa zaka zambiri ku America akatswiri ena, wotchuka kwambiri ndi Bruno Bettelheim, ankaphunzitsa kuti autismo imabwera chifukwa mayi ndi wouma mtima, sakonda mwana wake. Amayi ambirimbiri anasenza mlandu umene sanapalamule, mpaka kafukufuku anaonetsa kuti sizinali zoona. Mu 1998 dokotala wa ku England, Andrew Wakefield, anatulutsa nkhani m'magazini ya madokotala ya The Lancet imene inachititsa anthu kuopa katemera wa chikuku kuti ndiye amayambitsa autismo. Mu 2010 magaziniyo inaichotsa nkhaniyo, ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Phunziro lake ndi lakuti malangizo akabwera m'chilankhulo cha ophunzira, kuchokera kwa munthu wovala jekete loyera, tisamagwadire tisanafunse umboni wake.

Tsopano ku malangizo oyamba aja, akuti "kuno si sukulu yapadera." Wonena mawuwa akutsutsana ndi malamulo a dziko lake lomwe. Malamulo aakulu a Moçambique, pa artigo 88, amati maphunziro ndi ufulu ndi udindo wa nzika iliyonse, ndipo artigo 37 imati nzika zolumala zili ndi maufulu onse a m'malamulowo. Mu 1994 mayiko anakumana ku Salamanca, m'dziko la Spain, n'kugwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, ndipo mu 1998 dziko lathu linayamba ndondomeko ya Escolas Inclusivas. Mu 2012 tinavomereza pangano la ONU la maufulu a anthu olumala, limene artigo 24 yake imaletsa kupatula mwana ku maphunziro a onse chifukwa cha ulumali. Lamulo la maphunziro la 18/2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9. Palinso ndondomeko ya boma ya maphunziro ophatikiza ana olumala ya 2020 mpaka 2029. Mapepala tili nawo okwanira. Chikusowa ndi munthu pakhomo la ofesi ya sukulu wonena kuti, "Lowani mayi, timulembe."

Nanga sukulu yapadera imene timatumizako makolo ndi pakamwayo ili kuti? Boma lili ndi malo atatu othandizira maphunziro ophatikiza, otchedwa CREI. Ena ali ku Gaza, ena ku Nampula, ena ku Tete osamalira chigawo chonse chapakati. Ndi malo ofunika, ndipo ndikanakonda akanachuluka. Koma kuchokera ku Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200. Mayi wolima mbatata, amene ali ndi ana ena anayi ndi dimba lothirira, mukamuuza kuti "pitani naye kusukulu yapadera," mwamuuza kuti akamusunge kunyumba. Mwangomuuza mwaulemu basi. Sukulu yokhayo imene mwana ameneyu angafikeko wapansi ndi imene ife tikuphunzitsapo.

Ndikudziwa chimene anzanga muyankhe, poti nanenso choko ndimachigwira tsiku ndi tsiku. Turma ya ana 70, ena atakhala pansi, mabuku osakwana, maola ochepa chifukwa kalasi yomweyo akuidikira ena a masana, ndiye muwonjezerepo mwana amene amakuwa ndi kuthamangira panja? Dandaulo limeneli ndi loona ndipo sindikulichepetsa. Alipo ana amene amafunikadi munthu wachiwiri m'kalasi, ndipo munthu ameneyo tiyenera kumupempha mokweza mawu. Koma taonani amene tikumulipiritsa ngongoleyi. Kodi munamvapo kuti mwana wokhoza masamu wabwezedwa chifukwa kalasi yadzaza? Pakafunika kuti wina atuluke, chala chimaloza amene sangathe kudziyankhira. Kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi mlandu wa pakati pa ife ndi boma. Mwana wa zaka 6 sanaupalamule.

Komanso zambiri zimene mwanayu amafuna sizigulidwa. Amafuna malo amodzi okhala tsiku lililonse, kutsogolo, kutali ndi chitseko. Amafuna kudziwa chimene chikubwera, ndiye pachidutswa cha katoni jambulani zochitika za tsikulo motsatana: buku, manambala, mpira, nyumba. Chimodzi chikatha, muonetseni kuti chatha. Chitsulo chimene timamenya ngati belu chisanalire, muchenjezeni kuti atseke makutu. Muuzeni chinthu chimodzi nthawi imodzi, m'mawu ochepa: "Tenga kope." Mukatero dikirani, werengani chamumtima mpaka 10 musanabwereze, chifukwa ambiri amatenga nthawi kuti mawu akhazikike. Musamukakamize kukuyang'anani m'maso, pakuti ena amamva bwino akuyang'ana kumbali. Ngati amakonda magalimoto, aphunzire kuwerengera pa magalimoto. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mudzaona kuti katoni ija ndi mawu afupiafupi aja zathandizanso ana ena khumi amene ankangovomera osamva.

Za ndodo ndinenepo padera. Mwana wa autismo akagwa pansi n'kumakuwa, kawirikawiri sikuti akuchita mwano. Zinthu zamuchulukira, phokoso, kukankhana, kusintha kodzidzimutsa, ndipo thupi lake lalephera kuzisenza. Kumumenya pamenepo kuli ngati kuzimitsa moto ndi palafini. Chepetsani mawu, chotsani ana omuzungulira, mulole akhale pamalo achete mpaka mtima utsike. Kenako dzifunseni kuti chinachitika n'chiyani asanayambe kukuwa. Mukalemba zimenezi kwa sabata ziwiri, mudzapeza kuti zili ndi mutu wake, ndipo zambiri mukhoza kuzipewa zisanafike.

Ndifike pa malangizo achiwiri, amene ndiwo andilembetsa zonsezi. Mayi wina anandiuza kuti atapita ndi mwana wake kwa wodziwa wina m'tauni, anauzidwa kuti kuyambira tsiku limenelo kunyumba kukhale Chipwitikizi chokha. Mayiyu sukulu analekera kalasi yachinayi. Chipwitikizi chake ndi cha pamsika: vem, senta, come, não. Agogo ake a mwanayo sadziwa ndi liwu limodzi lomwe. Ndiye chinachitika n'chiyani? Mayi anasiya kucheza ndi mwana wake, anayamba kumangomulamula. Nyimbo zomugonekera zinatha. Agogo anangoti chete kuopa kuwononga mankhwala. Pamphasa madzulo aliyense akuseka m'Chinyanja, akatembenukira kwa iye, "come." Tandiuzani inu, mwana amene vuto lake lalikulu ndi kumvana ndi anthu, chithandizo chake chingakhale kumuchepetsera anthu olankhula naye?

Mantha akuti zilankhulo ziwiri zimasokoneza mwana wa autismo anayesedwa, ndipo sanapezeke oona. Mu 2012 ofufuza awiri a ku Canada, Catherine Hambly ndi Eric Fombonne, anayerekeza ana a autismo okulira m'mabanja a chilankhulo chimodzi ndi okulira m'mabanja a zilankhulo ziwiri. Sanapeze kuti a zilankhulo ziwiri aja anachedwerapo kulankhula chifukwa cha chimenecho. Ofufuza ena pambuyo pawo anapeza zofanana. Mwana wa autismo amene amachedwa kulankhula amachedwa chifukwa cha autismo, osati chifukwa agogo ake amamuitana m'Chinyanja. Chimene mwana aliyense amafuna kuti chilankhulo chimere mwa iye ndi mawu ambiri, amoyo, ochokera kwa anthu omukonda, onenedwa pa zinthu zimene akuziona ndi kuzigwira. Mayi amapereka zimenezi m'chilankhulo chimene iye amasekera ndi kulirira. Mukamulanda chimenecho, mwamulanda khasu n'kumuuza kuti alime.

Ena amati, "Koma mwanayu amakonda yekha Chipwitikizi, tamverani mmene amalankhulira ngati wa pawailesi." Apa tisamale. Ana ambiri a autismo amabwereza mawu ndendende mmene anawamvera, chiganizo chonse cha pa TV kapena cha aphunzitsi, ndi kamvekedwe kake komwe. M'kalasi imene ana amangobwereza pamodzi zimene mphunzitsi wanena, mwana wotere amaoneka ngati katswiri wa Chipwitikizi. Koma mufunseni kuti chikumupweteka n'chiyani, muone. Kubwerezako si kwachabe, chifukwa nthawi zina mwanayo amagwiritsa chiganizo chobwerekacho pofuna kunena chinthu chake, ndipo ndi bwino kumvetsera kuti akutanthauza chiyani. Koma kutchula mawu bwino ndi kwina, kutha kunena kuti "ndili ndi ludzu," "andimenya," "ndikufuna kutuluka" ndi kwinanso. Mawu opulumutsa moyo amenewa amafunika kuwadziwa m'chilankhulo chimene anthu omuzungulira angamumvere, kuchitsime, kumunda, kutchalitchi, panjira akasochera.

Ndipo mwana wosalankhula si mwana wosamva. Ambiri amamva zochuluka kuposa zimene angathe kutulutsa pakamwa. Kwa iye zithunzi, kuloza ndi zizindikiro za manja ndi mlatho, ndipo sizimuletsa kudzalankhula. Mukamuonetsa chithunzi cha kapu, nenani kuti "madzi," liwu limene wakhala akulimva chibadwire. Chipwitikizi chidzabwera pamwamba pake, monga chimabwerera kwa mwana wina aliyense. Sindikunena kuti asaphunzire Chipwitikizi, ayi. Ndi chilankhulo cha boma, cha mayeso, cha kuchipatala, ndipo ali nacho ufulu monga anzake. Ndikunena kuti denga silikhomedwa m'mwamba mopanda zipupa.

Ife a ku Tete tisakhale oiwala. Maphunziro a zilankhulo ziwiri m'dziko muno anayesedwa koyamba kuyambira 1993 mpaka 1997, m'ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo zilankhulo zake zinali ziwiri: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja kwathu kuno. Mu 2003 maphunzirowa analowa m'masukulu a boma. Maziko ake ndi akuti mwana ayambe kuwerenga ndi kuwerengera m'chilankhulo chimene akuchidziwa, Chipwitikizi chizilowa pang'onopang'ono, kuyambira pa cholankhula. Artigo 9 ya malamulo aakulu imati zilankhulo zathu ndi chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Ngati takhala zaka zonsezi tikunena kuti mwana wamba amavutika akalandiridwa kusukulu m'chilankhulo chimene sachimva, bwanji lero tinene kuti mwana amene kumvana ndi anthu kumamuvuta kale ndiye aponyedwe m'madzi akuya? Amene akufunika kwambiri kalasi ya chilankhulo chakwawo ndi iyeyu.

Palinso chifukwa china chachikulu, ndicho anzake. Mwana akhoza kulembedwa m'buku, kupatsidwa malo kutsogolo, koma n'kukhalabe panja. Kulandiridwa kwenikweni kumachitika pabwalo, pa intervalo, panjira yobwerera kunyumba, kumene mphunzitsi kulibe. Kumeneko chilankhulo chake ndi Chinyanja. Ana amasekana m'Chinyanja, amaitanirana mpira m'Chinyanja, amatetezana m'Chinyanja. Mukhoza kulemba liwu lakuti inclusão pabolodi ndi zilembo zazikulu, ana n'kulikopera bwinobwino m'makope, kenako n'kutuluka kukamugenda mnzawo ndi zitsononkho. Mtima wa mwana wa zaka 8 sutembenuzidwa ndi liwu limene sakulimva.

Mmene ine ndimachitira ndi motere, ndipo ndimayamba ndapempha chilolezo kwa makolo a mwanayo, ndi kwa mwiniwake ngati angathe kuyankha. Sindimuimika kutsogolo ngati chionetsero. Ndimafunsa turma yonse kuti, "Ndani amene mano ake amayayamira akamva msomali ukukanda lata?" Manja amakwera ambiri. "Ndani amadana ndi kumugwira mwadzidzidzi kumbuyo?" Amakweranso. Ndiye ndimati, "Mnzathu uja makutu ake ali ngati wailesi imene inakakamira pamwamba, singatsitsidwe. Tikamakuwa tonse, iye zimamupweteka. Akamagwedeza manja ndiye kuti akudzikhazika mtima pansi, monga ena mwa inu mumaluma cholembera. Akapanda kukuyankha msanga sikuti akukunyoza, akusanja mawu." Kenako ndimawafunsa kuti, "Nanga ife tingamuthandize bwanji?" Mayankho amene amatuluka pamenepo amaposa anga. Mtsikana wina ndiye anaganiza zoti azimukodola belu lisanalire. Kukambirana kotereku sikungatheke m'chilankhulo chimene anawo akungoyamba kuchiphunzira.

Ena amati Chinyanja chilibe mawu a zinthu zimenezi, chili ndi zotukwana zokha: chitsiru, wozerezeka, wamisala. Kodi Chipwitikizi chilibe maluco ndi burro? Chilankhulo chilichonse chili ndi thumba la zonyoza ndi thumba la ulemu, zimatengera kuti wolankhulayo wapisa dzanja m'thumba liti. Liwu lakuti autismo tikhoza kulibwereka monga tinabwerekera sukulu ndi buku. Koma tanthauzo lake tiyenera kulinena m'mawu athu: mwana amene ubongo wake umalandira zinthu mwa njira yakeyake. Ndipo m'kalasi mwanga lamulo ndi limodzi, aliyense aitanidwe ndi dzina lake. Mphunzitsi akangoti "chitsiru iwe" kamodzi kokha, wapereka chilolezo kwa ana 70 kwa chaka chonse.

Anzake omuthandiza azisinthana, sabata ino awa, sabata yamawa ena, kuti asasanduke katundu wa mtsikana mmodzi wofatsa amene saona pokanira. Ntchito yawo si kumuchitira zinthu, koma kumuitana ndi kumudikira. Masewera okhala ndi malamulo omveka ndi kusinthana koonekera, monga phada ndi bawo, amamulowetsa m'gulu msanga kuposa chipwirikiti cha mpira. Ndipo kwa inu makolo a ana enawo, amene mumabwera kudzadandaula kuti mwana uja achedwetsa wanu kapena amupatsira, ndikuyankhani poyera. Sangamupatsire. Ndipo mwana wanu akaphunzira kudikira mnzake, kufotokoza chinthu momveka, ndi kuimirira pamene wofooka akuzunzidwa, waphunzira zimene adzazifune tsiku limene inu mudzakalambe n'kuyamba kuchedwa kuyankha.

Ife a dziko la ng'ombe timve za Temple Grandin wa ku America. Anabadwa mu 1947, sanalankhule mpaka atapitirira zaka zitatu, ndipo mayi ake anakana kuti akatsekeredwe kumalo osungirako anthu. Anakula n'kukhala mphunzitsi wa za ziweto pa yunivesite ya Colorado State, ndipo anakonza njira zokhotakhota zoyendetsera ng'ombe mosaziopsa, chifukwa ankaona tinthu timene timadzidzimutsa nyama timene anthu ena sankatiwona. Koma ndisakunamizeni, si mwana aliyense wa autismo adzakhale Temple Grandin, ndipo safunika kutero kuti ayenere mpando m'kalasi. Kwa wina chipambano cha chaka chonse ndi kukhala pansi mphindi 15, kupempha madzi, ndi kudziwa mayina a anzake atatu. Chimenecho ndi chipambano chenicheni, ndipo kuseri kwa nyumba sakanachipeza.

Inu makolo a ana a autismo, musachite manyazi ndipo musapemphe ngati mukupempha mchere. Pitani mukamulembetse akakwana zaka 6. Uzani mphunzitsi zonse zimene mukudziwa: chimene chimamuopsa, chimene chimamutonthoza, mmene amaonetsera kuti akufuna kuchimbudzi. Inu ndiye katswiri woyamba wa mwana wanu. Akakukanizani, pemphani modekha kuti akulembereni chifukwa chake papepala, ndipo mudzaona kuti ndi ochepa amene angalimbe mtima kulemba. Nkhaniyo itengereni ku Conselho de Escola, kumene makolo ali ndi mipando yawo. Zikakanika pamenepo, pitani ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu, SDEJT. Musapite nokha, tengani wachibale kapena mkulu wa mpingo, mutu umodzi susenza denga. Ndipo kunyumba mulankhuleni, muimbireni, mumutume, mupite naye kumunda ndi kumaliro ndi kuukwati, m'chilankhulo chanu chomwecho.

Kwa a director ndi otsogolera ma ZIP ndikupempha zinthu zotheka. Pa misonkhano yathu yokonzekera maphunziro patulani ola limodzi loti aphunzitsi amene ali ndi ana otere afotokozerane zimene zikuyenda. Mwana wa autismo akamapita kalasi ina, mphunzitsi wakale alembe tsamba limodzi la zimene anaphunzira za iye, kuti watsopano asayambirenso pachiyambi. Pa intervalo pakhale wamkulu pabwalo. Pa 2 Epulo, tsiku limene ONU inakhazikitsa mu 2007 kuti dziko lonse likumbukire za autismo, itanani makolo mukambirane nawo m'Chinyanja, osangowerenga uthenga m'Chipwitikizi n'kuwomba m'manja. Kwa ophunzitsa aphunzitsi ndikupempha kuti wophunzira aliyense asatuluke asanayesedwe kufotokoza autismo kwa agogo a kumudzi m'chilankhulo chawo. Amene angathe kunena tanthauzo lake m'Chipwitikizi chokha waloweza, sanamvetse.

Ndipo inu aphunzitsi anzanga, pali ntchito imodzi imene sifuna chilolezo cha aliyense. Funsani ana a m'turma mwanu kuti, "Kodi kwanuko alipo mwana wa msinkhu wanu amene sabwera kusukulu?" Ana amadziwa nyumba iliyonse. Akakuuzani, pitani mukaonane ndi makolowo, mukhale pamphasa, mulankhule nawo monga anthu a mudzi umodzi. Mwina akana ulendo woyamba, chifukwa anapwetekedwapo kale. Pitaninso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ameneyu wakhala panja nthawi yokwanira.